Ndevu za Abambo

"Ndafunsa funso limodzi lokha, amayi. Lumo langa lili kuti?"

"Ulifuniranji mamawa onse ano? Mankhwala wamwa?"

"Ndamwa, inu muli pomwepo kundisuzumira m'kamwa ngati mukugula mbuzi. Ndikufunsa za lumo."

"Lumo, lumo! Kodi m'nyumba muno mulibenso nkhani ina? Funsa achemwali akowa, ndiwo anapita kusukulu."

Mphunzitsi anali pakhomo la khitchini, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, maganizo ali pa basi ya kuntchito. Anapumira m'mwamba. Chibwerereni mlongo wake kuchokera kuchipatala cha odwala maganizo, mkangano uwu sunkaphonya m'mawa uliwonse, ndipo nthawi zonse unkathera pa iye. Mlongo wakeyo anthu ankamutcha Mpala, chifukwa mwa ometa onse a mumsewu wa kumsika panalibe womuposa. Mutu unkachoka m'manja mwake uli see, ntchentche ikaterapo n'kuterereka.

"Achemwali," anatero Mpala potembenuka, "akuti ndifunse inu."

"Tinakambirana kale, mlongo wanga. Lumo lili pabwino."

"Pabwino pake pati? Tamvani uko."

Kuchipinda kunkamveka ngo, ngo, ngo. Anali abambo awo, akugogoda chitsulo cha bedi ndi supuni. Chiwagwereni matenda ofa ziwalo mbali imodzi, pakamwa panapotoka, mawu n'kuwathawa, moti supuniyo ndiyo inkawayankhulira.

"Akufuna tiyi," anatero amayi.

"Tiyi amwa kale. Ndevu zikuwayabwa. Dzulo ndinawapeza akudzikanda mpaka tsaya kutupa. Munthu amene ankasita ngakhale mpango wam'thumba, amene sanalolepo ndevu kukula, lero ali ngati mneneri wam'tchire, phala litaumira momwemo. Ine ndawameta chiyambire ntchito yanga, Loweruka lililonse. Inu simukuona mmene aliri?"

"Ndikuona, sindine wakhungu. Koma ndinaonanso tsiku lija, iwe utaswa magalasi onse a kushopu kwako, magazi ali chuchuchu, lumo lili m'manja, amuna akuluakulu kulephera kukugwira."

"Ndinacheka ndani?"

"Sunacheke munthu, inde, koma..."

"Ndinacheka ndani, amayi? Magazi aja anali anga. Linandicheka ndi galasi."

"Ndiye ukufuna tiyesere pakhosi pa bambo ako? Chitachitika chinthu, anthu adzati chiyani? Adzati mayi uja mutu wake sukoka, wapereka lumo kwa..." Amayi analekezera pomwepo.

"Malizani. Kwa wamisala."

"Mawu amenewo m'nyumba muno tinaletsa," anatero Mphunzitsi, ndipo iye mwini anamva kuti watulutsa liwu la m'kalasi. "Tamvera, mlongo wanga. Palibe amene akukuopa. Nkhani ndi ya manja. Tatambasula."

Mpala anatambasula dzanja lamanja. Zala zinkanjenjemera pang'ono, monga mmene mankhwala ake ankachitira.

"Waona? Si iwe ayi, ndi mankhwala. Ndiye tipita pang'onopang'ono, ngati pa makwerero. Uyamba ndi kukonza zida zako. Kenako makina, pamitu ya anthu athanzi. Kenako sizasi. Lumo ndi pomaliza."

"Zimanjenjemera zikangokhala. Ndikagwira chinthu zimaleka. Inu mukudziwa zimenezo kuposa ine."

Ankadziwadi, ankaziphunzitsa chaka ndi chaka. Koma anawerama n'kuvala nsapato inayo. "Basi indisiya. Tikambirana madzulo."

"Makwerero anuwo ndi aatali bwanji, Aphunzitsi? Abambotu sakudikira ngati mwana wasukulu."

Lumolo linali m'chikwama cha Mphunzitsi, lokulungidwa mu mpango, pansi pa mapepala a mayeso. Amayi ndiwo anamupatsa tsiku lomwe Mpala ankatuluka m'chipatala, amvekere, "Chotsa ichi, chisagone muno." Ndiye linkakwera naye basi m'mawa n'kubwerera naye madzulo. Lumo lophunzira, abale inu, lopita kukoleji tsiku lililonse!

Ntchito ya Mphunzitsi ngakhale amayi ake sankaimvetsa. Anzawo akawafunsa, ankangoti, "Amaphunzitsa anthu kuluka madengu ndi amisala." Zoona zake, ankaphunzitsa kukoleji ya zaumoyo, kusula anthu ochiza ndi ntchito. Dokotala akapereka mankhwala, iwo amabwezera wodwala m'manja mwake zimene matenda anamulanda: kuphika, kuchapa, kukwera basi yekha, kubwerera pa ntchito yake. Anali ataphunzitsa zimenezi mpaka imvi kuyamba, m'kalasi yomweyo ya kumapeto kwa khonde, mmene munali makina osokera akufa, mbaula, bedi lophunzirira ndi ndowa yolandira madzi a denga. Ophunzira ankabwera, n'kukhoza, ambiri n'kukapeza ntchito zina zosatopetsa. Iye ankatsala, n'kuyambiranso tsamba loyamba.

Tsikulo anaima kutsogolo, mutu ukuwawa, n'kunena zimene ankanena chaka chilichonse.

"Munthu akatuluka m'chipatala, matenda achiwiri amakhala akumudikira kunyumba. Abale ake amamulanda mpeni, amamulanda makiyi, akati anyamule khanda amamulanda. Sachita mwankhanza ayi, amamukonda. Amamukonda mpaka kumusandutsa mpando. Ntchito yanu ndi kumubwezera zinthuzo, ndipo akazigwira, inu khalirani manja anu. Achedwe, alakwitse, musamulande."

Ophunzira analemba. Pansi pa tebulo, phazi lake linakhudza chikwama, ndipo anachita manyazi ngati wagwidwa akuba.

Mpala anakwera makwerero aja mosadandaula, ndipo zimenezo n'zomwe zinkamupweteka kwambiri Mphunzitsi. Anapukuta makina, anathira mafuta, anachapa matawulo n'kuwayanika mondondoza. Anatsuka zisa ndi mswachi wakale. Lamba wonolera lumo anamupachika pa msomali wa pakhonde, ngakhale panalibe chonola. Akamaliza ankakhala pa mpando wake wometera, umene anauchotsa kushopu eni nyumba atapereka malowo kwa wogulitsa mafoni, n'kumayang'ana msewu. Makasitomala ake akale ankadutsa tsidya lina, maso ali pa foni. Wina akalimba mtima ankakuwa ali chapatali, "Mpala! Mwachira?" koma osaima kuti amve yankho.

Ndevu za abambo zinkangokula. Amayi anayesa ndi sizasi, n'kuzisiya mbali ina yaitali ina yaifupi, ngati udzu wodya mbuzi. Lamlungu masana Mphunzitsi anati basi, ayese yekha. Anagula lezala ya pulasitiki pa golosale, n'kutenga beseni ndi sopo.

"Abambo, lero ndikumetani ndine."

Abambo anamuyang'ana ndi diso lawo labwino lija, kenako anayang'ana kukhomo, kumene Mpala anatsamira, manja atapinda pachifuwa. Anakweza supuni n'kumuloza.

"Mlongo wanga akukonzekerabe, abambo. Posachedwapa."

Anapaka sopo. Ndevu zinali zolimba ngati waya, lezala n'kumangokodwa. Abambo ankakwinya nkhope, misozi ikutsika yokha ku diso lakufa lija. Atafika pansi pa chibwano, pamene khungu linali lolendewera, lezala inaluma. Magazi anatsika mu thovu mpaka pa kolala ya malaya.

"Mayo ine!" anakuwa amayi. "Thonje! Thonje lili kuti?"

Mpala sanasunthe pomwe anaima. "Khungu mumalikoka kaye ndi chala. Ndiponso ndevu zotere siziyambidwa ndi madzi ozizira."

"Ndadziwa, tangobweretsa thonje!"

Mpala anabweretsa, n'kuyang'ana mlongo wake akutsinira bala. Kenako anayankhula motsitsa, mosapsa mtima n'komwe. "Bala limeneli ndikanapanga ine, bwenzi pano mukundimanga ndi zingwe. Koma poti ndi inu, tikufuna thonje."

Abambo anakankha dzanja la Mphunzitsi ndi supuni, n'kutembenukira kukhoma, tsaya limodzi lometedwa, lina ayi.

Sabata yotsatira Mphunzitsi anaganiza nzeru imene mphunzitsi yekha angaganize. Makasitomala palibe? Iye ali ndi kalasi yonse ya mitu! Anaitana anyamata a chaka chomaliza atatha maphunziro.

"Pali wometa wina kwathu, katswiri. Akuchira, ndipo akufunika abwerere pa ntchito. Mupiteko Loweruka, mmodzimmodzi, ngati mwangodutsa. Musandidziwe. Muone mmene akugwirira makina, mmene akuchezera, ngati akutopa. Lolemba mudzandiuza."

Loweruka pakhonde panali moyo. Makina analira kuyambira m'mawa. Mphunzitsi anakhala kuseri kwa katani, kunamizira kuchonga mayeso, n'kumamvetsera. Anamva Mpala akuseka koyamba chibwerereni, akunyoza mutu wa mnyamata wina kuti uli ndi makona ngati njerwa. Anasuzumira. Dzanja linali nji, osanjenjemera, makina akuyenda kuseri kwa khutu mwaulemu. Mtima wake unakhala pansi. Ngakhale amayi anatuluka ndi tsache, kunamizira kusesa, nkhope ili mwee.

Koma ana asukulu ndi ana asukulu basi. Woyamba atametedwa anafunsa, "Kodi bwana, mumamva bwanji mumtima mukamagwira ntchito imeneyi?" Wachiwiri anafunsa zomwezo, mawu ake omwewo. Wachitatu, amene mutu wake unali utametedwa kale dzana, anawonjezerapo, "Nanga tulo mukugona bwino?" Wotsiriza, pochoka, anaona nkhope pa zenera, n'kuiwala zonse. "Tapita, madamu!"

Makina anazima. Kunja kunangoti zii.

Mphunzitsi anatuluka. Anapeza Mpala akusesa tsitsi pang'onopang'ono, kuliunjika pakona.

"Mlongo wanga..."

"Ana anu ndi aulemu, Aphunzitsi. Mwawalera bwino. Koma muwauze kuti munthu wobwera kudzameta safunsa za tulo. Amafunsa za mpira."

"Ndimafuna ndikuthandize."

"Ndikudziwa. Nonse mumafuna kundithandiza, n'chifukwa chake ndatopa chonchi. Ndiye ndakhoza? Kapena zotsatira zituluka Lolemba?"

"Usatero ayi. Wameta bwino, ndaona ndekha."

"Mwaona, eti? Ndiye lumo."

Mphunzitsi anayang'ana pansi. "Patsala sizasi."

Mpala anaseka, koma kuseka kosafika m'maso. Anatsamiritsa tsache kukhoma n'kukhala pa mpando wometera uja. "Achemwali, ndikufunseni ngati mlongo wanu, osati ngati wodwala wanu. Kuchipatala kuja kunabwera mtsikana wina, anati anaphunzira kwa inu. Ankakutamani, kuti madamu athu amati wodwala musamulande chinthu m'manja. Anandipatsa sizasi tsiku lomwelo, ndimete anzanga a m'wodi. Wodi yonse ndinameta, mpaka mlonda. Mtsikana wosandidziwa, sanandikweze makwerero. Inu amene munandibereka kumsana, bwanji?"

"Kuwodi kunali anamwino pafupi."

"Ayi. Nenani zoona, ndine wamkulu."

Mumsewu munadutsa njinga, belu likulira. Kenako mawu a Mphunzitsi anatuluka okha, ouma.

"Ndikuopa."

"Ehe. Mukuopa chiyani?"

"Sindikudziwa! Ndikudziwa kuti sungawapweteke. Ndikhoza kuima pamaso pa anthu n'kuwafotokozera mpaka dzuwa kulowa kuti sungawapweteke. Koma ndikangoganiza lumo lili pakhosi pa abambo, ndimaona nkhope yako ya tsiku lija, pamene sunandizindikire, ukundifunsa kuti ndine ndani. Miyendo imandizizira. Ana a eni ndimawapatsa mipeni kuti asende mbatata, osagunda mtima. Koma iwe ndiwe wanga, iwonso ndi anga. Chitalakwika chinthu, ndataya awiri."

"Ndiye makwerero aja ndi anu. Mukukwera ndinu, ine ndikungokudikirani pamwamba."

"Ndipatse nthawi pang'ono."

"Ine nthawi ndili nayo yambiri, ndilibe kopita. Kawafunseni abambo ngati ali nayo." Anadzuka n'kutenga tsache. "Anawo asabwerenso. Mitu yawo ilibe mlandu."

Kuyambira tsiku limenelo mkangano wam'mawa unatha. Mpala ankamwa mankhwala, n'kutsegula kukamwa yekha amayi asanapemphe. Zida zake anazilongedza m'katoni. Ankadya, n'kugona, n'kudzuka, n'kukhala pakhonde manja ali lende. Amayi anakondwa. "Waona? Akupeza bwino tsopano, wasiya makani." Mphunzitsi ankadziwa dzina la bata limeneli, ankalilemba pa bolodi chaka chilichonse, ndipo linkamudetsa nkhawa kuposa makani aja. Masana Mpala ankalowa kuchipinda kwa abambo, n'kuwapukuta ndevu ndi kansalu ka madzi ofunda, n'kuzipesa ndi zala. Zimenezo zokha ndi zomwe ankaloledwa.

Abambo anayamba kukana chakudya. Supuni ankagogoda mofooka, mwina tsiku lonse osagogoda. Lachinayi madzulo, Mphunzitsi atafika kuchokera kuntchito, anakhala m'mphepete mwa bedi kuti awamwetse phala. Abambo anatseka pakamwa. Anagwira dzanja lake ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kulikokera pa tsaya lawo, n'kulikhuza pa ndevu, uku ndi uku, mwamphamvu, kuti amve. Zinali zokakala, zonyowa ndi malovu, ndipo pansi pake khungu linali ndi tizilonda. Milomo yawo inavutika nthawi yaitali.

"Mwa... na."

"Ndili pano, abambo."

Anapukusa mutu. Diso linapita kukhomo.

Mphunzitsi anaika mbale pansi n'kupita kukhitchini, kumene amayi ankatsuka mapoto. "Amayi, ndimupatsa lumo."

"Iwe! Wapenga nawenso?"

"Mwina. Ndikhala pomwepo, inunso mukhala pomwepo. Abambo sangamakhale chonchi, ndi manyazi amene akuwadya."

"Bwanji tiitane wometa wina? Ometa atha m'tauni muno?"

"Munaitana uja wa pa siteji ya basi, munaona nokha. Anamuponyera supuni."

Amayi anapukuta manja pa nsalu yawo, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Anaoneka okalamba kwambiri. "Ine ndatopa, mwana wanga. Mwamuna pabedi, mwana pakhonde, ndipo ndikagona ndimagona khutu limodzi. Chita zimene waphunzira. Koma osati lero, kwada, magetsi athu ndi awa akuphethiraphethirawa."

"Mawa ndili ndi mayeso a ana m'mawa, masana msonkhano wa aphunzitsi. Loweruka. Ndi tsiku lawonso lometa."

"Loweruka," anavomera amayi, ndipo onse awiri anapepukidwa, chifukwa Loweruka silinali lero.

Mphunzitsi sanamuuze Mpala. Anati adzamudzidzimutsa, adzangomuikira lumo pa tebulo pamodzi ndi tiyi.

Lachisanu mayeso anali ochita ndi manja. Wophunzira mmodzi ankakhala wodwala, wina womuthandiza, Mphunzitsi ali pambali kuonerera. Mayi wina wachikulire, namwino amene anabwerera kusukulu ana ake atakula, anali kuthandiza mnzake kusenda mbatata, ndipo mnzakeyo atangochedwa pang'ono, anamulanda mpeni.

"Mwamulandiranji?" anafunsa Mphunzitsi.

"Pepani madamu, manja anangopita okha. Koma inu mumadziwa bwanji kuti nthawi yomusiya yakwana? Ine mtima umandigunda."

"Sugunda kwa inu nokha," anatero Mphunzitsi. Asanapitirize, foni inanjenjemera m'chikwama. Anaipeza pansi, pafupi ndi mpango uja. Anali Mpala.

"Achemwali, bwerani. Abambo atisiya."

Basi inayenda ngati ikukokedwa ndi ng'ombe. Pofika, anapeza azimayi oyandikana nawo atadzaza kale pabalaza, mipando itatulutsidwa panja. Amayi anali pansi, mpango utagwa kumutu, mawu atasasa. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali atafika, ndipo monga mwa nthawi zonse anali atagwira kale chiwongolero. Anamukokera Mphunzitsi pambali.

"Aphunzitsi, pepani. Galimoto yodzatenga thupi ikubwera. Koma alamu anga sangatuluke m'nyumba muno chonchi, anthu adzati sitinkawasamala. Munthu waukhondo ngati uja! Pafunika awamete."

"Ndani?"

"Aa, funso lanji limenelo? Wometa tili naye m'nyumba momwe muno. Panopa palibe choopsa." Anatembenuka n'kukuwa, "Mpala! Tabwera kuno, mphwanga. Tenga zida zako, ukawakonze bambo ako."

Panopa palibe choopsa. Amalume ananena mosaganiza, ngati akunena za nyengo, ndipo azimayi ena anagwedeza mitu kuvomereza. Mphunzitsi anamva ngati wamenyedwa mbama. Mpala anabwera kuchokera pakhonde, maso ali ouma. Anayang'ana amalume, anayang'ana amayi. Amayi anakweza dzanja mofooka, kumuloza kuchipinda. Pomaliza anayang'ana mlongo wake, n'kutambasula dzanja.

Mphunzitsi anatsegula chikwama pamaso pa anthu onse. Mapepala a mayeso anagwera pansi. Anamasula mpango n'kuika lumo m'dzanja lake.

"Ndimati ndikupatse mawa," ananong'ona. "Ndikulumbira, mlongo wanga, tinagwirizana ndi amayi. Mawa."

"Tsiku lonse lili m'chikwama chanu?"

"Masiku onse."

Mpala anagwedeza mutu, ngati wamva mtengo wa chinthu chimene sakufuna kugula. Anapita kukhitchini n'kuteleka madzi.

"Madzi otentha a chiyaninso?" anadandaula amalume. "Nthawi, mphwanga, galimoto ikubwera!"

Mpala anadikira mpaka madzi anafunda, n'kuwayesa ndi kuseri kwa dzanja. Anatulutsa tawulo loyera m'katoni, bulashi ndi sopo. Pakhonde ananola lumo pa lamba uja, uku ndi uku, mosafulumira, ndipo anthu amene anali pafupi anasendera kumbuyo pang'ono. Iye anaona, koma sanaleke.

Mphunzitsi anamutsatira kuchipinda n'kuima kukhoma. Mpala anakhala pa bedi, n'kuika tawulo lofunda pa nkhope ya abambo, n'kudikira kuti ndevu zifewe. Kenako anapaka thovu.

"Ndabwera, abambo," anatero. "Pepani ndachedwa, mzere unali wautali."

Anakoka khungu ndi chala chachikulu, lumo n'kutsika. Linkamveka kwee, kwee, m'chipinda monse. Dzanja silinanjenjemere ngakhale pang'ono. Ankapukuta lumo pa tawulo, n'kubwereranso, akucheza nawo motsitsa monga ankachitira Loweruka lililonse, za timu yawo imene inali itagonjanso, za mpando umene unayamba kulira. Atafika pa chipsera cha lezala ija anachizungulira mosamala. Kenako anati, "Tukulani chibwano, abambo," n'kuchitukula yekha ndi zala ziwiri. Lumo linayenda pakhosi ponse, kuchokera pansi kukwera m'mwamba.

Mphunzitsi anayang'ana lumo lili pakhosipo, n'kudikira kuti miyendo izizire. Siinazizire. Panalibe chimene ankaona koma mwana akumeta bambo ake.

Mpala anatsuka nkhope ija, n'kuipukuta, n'kupesa tsitsi. Abambo anabwerera kukhala abambo, aja ankasita mpango wam'thumba. Amayi analowa atagwiriridwa ndi azimayi awiri, ndipo atangoona nkhopeyo anagwada pansi. "Mwamuna wanga! Ndi uyu mwamuna wanga!" Maliro anayambira pomwepo, nyumba yonse n'kulira.

Pakati pa phokosolo Mpala anatsuka lumo m'beseni, analiumitsa bwinobwino, n'kulipinda. Anabwera pamene panaima mlongo wake n'kumupatsira.

"Ndamaliza, achemwali. Kabiseni."

"Ayi. Ndi lako. Sunga."

"Kabiseni," anabwereza, mosakweza mawu. "M'nyumba muno mukadali amoyo."

Mphunzitsi sanatambasule dzanja. Mpala anatsegula yekha chikwama chimene chinali chikadali paphewa pake, n'kuponyamo lumolo. Kenako ananyamula beseni n'kutuluka kukataya madzi, ndipo anthu pakhomo anamupatukira njira yaikulu kuposa imene beseni linkafuna.